Sidi yathu ikukana kulira m'galimoto, talakwitsa pati?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndili mu kwaya ya mpingo wathu kuno ku Zomba, tinajambula nyimbo ku situdiyo nde anatipatsa pa fulashi zili MP3. Mwana wanga anazikopera zonse pa sidi, pa laputopu zikulira bwinobwino koma m'galimoto ya abambo akunyumba yochokera ku Japan ikungolemba error kenako nkuilavula, wailesi yakale ya pabalaza nayonso zii. Kodi sidiyo ndi yakufa? Tikufuna tigawireko azigogo a mumpingo omwe alibe mafoni apamwamba. Mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Amayi, sidiyo ndi yamoyo ndithu, vuto ndi mmene mwanayo anabenera. Iye wangokoka mafayilo nkuwaponya pa sidi ngati mmene timachitira ndi fulashi, nde chomwe chatuluka ndi data disc. Laputopu imawerenga zimenezo mosavuta koma wailesi zakale zambiri sizidziwa kuti MP3 nchiyani, zimangodziwa mtundu umodzi wa nyimbo womwe Philips ndi Sony anagwirizana mu 1980, uja timauti Audio CD. Mawu ake amakhala osapanikizidwa, pomwe MP3 ndi mawu ofinyidwa kuti achepe.

Nde mumuuze abenenso, koma ulendo uno atsegule Windows Media Player apite pa Burn, pa kabatani ka zosankha kaja asankhe Audio CD osati Data CD, kenako akokere nyimbozo pamndandanda molingana ndi mmene mukufuna zizitsatirana. Pulogalamuyo isintha yokha ma MP3 aja. Mapulogalamu ena ngati Nero kapena CDBurnerXP amachitanso zomwezo.

Apa mpomwe ambiri amadabwa: sidi yalembedwa 700MB, nyimbo zanu mwina sizikufika ndi 100MB yomwe koma kompyuta nkumati malo atha. Pa Audio CD sitiwerenga ma MB ayi, timawerenga mphindi, ndipo malire ndi mphindi 80 basi. Sidi yomweyo mutaika ma MP3 a 128 kbps imatha kunyamula maola oposa 11, koma mukaipanga yolira pa wailesi wamba ndi ola limodzi ndi mphindi 20, ndiye poti nyimbo za kwaya zimakonda kutalika mwina zilowa 12 kaya 14, zotsalazo mugule sidi ina.

Pogula onetsetsani kuti yalembedwa CD-R. CD-RW ija yofufutika imabweza kuwala kochepa nde diso la wailesi zakale limalephera kuiona, ndipo DVD musayese nkomwe ngakhale wogulitsa anene kuti ndi yaikulu, wailesi ya sidi siiwerenga. Liwiro lobenera alitsitse, 8x kapena 16x, kuthamangitsa pa 48x nkomwe kumapangitsa nyimbo kumadumphadumpha pa makina ena. Ngati pulogalamu yafunsa zotseka sidi, finalize, avomere chifukwa yosatseka wailesi zambiri zimaikana.

Chinthu chimodzi chomwe ine ndingakupempheni, bwererani ku situdiyo mukapemphe mafayilo a WAV, omwe mawu ake ndi osafinyidwa. Mwavutika ndi mapulakatisi, mwalipira ndalama, bwanji mugawire anthu mawu ofinyidwa? Kubena MP3 kukhala Audio CD sikubweza zomwe zinatayika pofinya paja, zimangokula kukula basi. Ndipo musatenge zomwe zazungulira pa WhatsApp, zambiri zimakhala zotsika kale.

Poti nyimbo ndi zanu palibe mlandu, koma mukafuna kuikapo za oimba ena nkumagulitsa yambani mwafunsa a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, za chilolezo.

Benani imodzi kaye mukaiyese m'galimotomo ndi pa wailesi ya pabalaza musanabene za onse. Polemba dzina la kwaya pamwamba gwiritsani maka yofewa, bolopeni ayi, chifukwa mbali ya pamwambayo ndi yomwe ili pafupi kwambiri ndi pomwe nyimbo zasungidwa ndipo ikakandika nde yapita. Muwauzenso abambo asamaisiye pa dashibodi padzuwa, imapindika.