Voice ya achimwene kwa achemwali: tayala likaphwa panjira

Achemwali, ndamva funso lanu lija, loti tayala likakuphwerani panjira ya ku Monkey Bay muli nokha mutani. Mvetserani bwino.

Musamange buleki mwadzidzidzi ayi. Chepetsani liwiro, mupatuke pamalo afulati, osati pakona. Yatsani mahazadi, kokani handibuleki, ikani giya wani, ngati ndi otomatiki ikani pa P. Mathirayango aja lina kutsogolo lina kumbuyo, chapatali ndithu, akabaza ndi aminibasi akuoneni msanga. Anthu onse atsike. Kenako mwala: likaphwa lakutsogolo kumanja, tsekerani lakumbuyo kumanzere.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Manati mumamasula tayala likadali pansi, musanakweze. Mukayamba ndi kukweza, tayala lizingozungulira, ndipo mukamalimbana nalo galimoto itha kugwa pa jeke. Zungulitsani sipanala chakumanzere, nati iliyonse ingogwedera basi, musaichotse. Akakana, pondani sipanala ndi phazi, koma onetsetsani kuti yalowa yonse, apo ayi mudya mutu wa nati.

Za jeke. Suzumirani kunsi kwa chitseko pafupi ndi tayalalo, muona mpendero wachitsulo wokhala ndi timipata tiwiri, jeke igwire pamenepo. Mukaika pena paliponse mupinda bodi. Ndiye mukudziwa dothi lathu lino lakunyanja, mchenga wokhawokha, jeke imatitimira kenako n'kupendama. Muziyenda ndi kathabwa kokhuthala koyala pansi pake. Njerwa ayi, imaphwanyika. Kwezani mpaka pansi pa tayala papite zala zitatu, chifukwa sipeya ndi lofufuma, limafuna malo. Dzanja kapena mwendo kunsi kwa galimoto, zimenezo ayi.

Chotsani manati, muwaike m'thumba, mumchenga simuwapezanso. Tayala lophwalo ligonekeni kunsi kwa galimoto kuti jeke ikatereka galimoto igwere pa limu, chitsulo cha pakati pa tayala chija. Lowetsani sipeya, manati muyambe ndi zala kuti asalowe mokhota, mbali yosongoka iyang'ane ku limu. Sololani tayala lophwa lija kunsi, tsitsani galimoto, ndiye mumange zolimba modumphadumpha, iyi kenako ya tsidya lake, osati motsatana. Mukayenda makilomita ngati 50, imani muwamangenso.

Eya, ngati sipeya lanu ndi kaja kowonda, kamafuna mpweya wa 60 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya m'tayala), ndipo musapitirire makilomita 80 pa ola. Ndi kongokufikitsani kwa okonza matayala. Msomali ukalasa popondera amatseka bwinobwino, koma likang'ambika m'mbali musalole chigamba, ndi kutentha kwa kuno liphulika.

Lero lomwe tsegulani buti muone ngati jeke, chogwirira chake ndi sipanala zilimo, ndipo mukamakathira mafuta pa boma akuyezereni sipeyalo. Limaphwa lokha lili chigonere.