Musadule mano a chitsulocho, chonde

Mayi wina wa ku Leeds, ku England, wandilembera kuti wagula buckle yakale ya nsapato (chitsulo chomangira timalamba ta nsapato) pa msika wa zinthu zakale, yakuda bii, ya timiyala tonyezimira. Akufuna aikwechese, adule mano akumbuyo, aziivala pachifuwa. Mayi, kalata yanu yandikhudza pabala.

Ndinkasamalira agogo ena ku Walsall, ndipo iwo ankasunga ziwiri m'kachitini. Tsiku lina anatembenuza imodzi m'dzanja lawo lonjenjemera n'kundionetsa kumbuyo: kachitsulo kokola lamba wa mbali imodzi, ndi mano awiri obaya lamba winayo. Nsapato za m'zaka za m'ma 1700 zinali za timalamba tiwiri, osati zingwe. Chitsulocho sankachisokerera ayi. Munthu ankachichotsa madzulo, mawa n'kuchiika pa nsapato ina, ngati ndolo. Agogowo atamwalira, achibale anapereka zonse ziwiri kwa wosula. Nditazionanso, kumbuyo kunali see! Mpaka lero zimandiwawa.

Samuel Pepys, Mngelezi wotchuka ndi buku la zochitika za tsiku ndi tsiku pa moyo wake, analemba mu January 1660 kuti wayamba kuvala zitsulozi, ndipo nthawiyo zinali zing'onozing'ono. Pofika m'ma 1770 zinakula mpaka kupindika pamsana ponse pa phazi. Zimenezi ankazitcha Artois, potengera Comte d'Artois, mng'ono wake wa mfumu Louis XVI ya ku France. Wolemera ankavala zasiliva, wosauka zamkuwa, moti anthu ankakudziwa pongoyang'ana kuphazi.

Kenako zingwe zinalowa m'fasho. Mu 1791 osula a ku Birmingham, Walsall ndi Wolverhampton anakadandaula kwa Prince of Wales, mwana wa mfumu ya ku Britain, kuti malonda afa, ana agona ndi njala. Iye anawamvera chisoni, koma fasho sinabwerere. Osula amenewo ndi amene ndimawaganizira ndikaona mano aja. Ndinene mosabisa: wodula mano ndi wowononga, ngakhale atakhala kuti wagula ndi ndalama zake. Kutsogolo n'kukongola chabe, kumbuyo n'kumene kumasonyeza kuti chinali cha nsapato, n'kumenenso odziwa amayang'ana pofuna kudziwa zaka zake. Mukadzafika ku London, pitani ku Kenwood House, nyumba yoonetsera zinthu zakale, mukaone zitsulo za nsapato zimene anasonkhanitsa Lady Maufe.

Ndiye muchite chiyani?

Madzi ayi, Brasso (mankhwala opukutira zitsulo) ayi. Timiyalato nthawi zambiri timakhala tagalasi, pansi pake pali kachitsulo kopyapyala kamene kamada kakanyowa, ndipo sikayeranso. Sasani fumbi ndi kaburashi kofewa, kouma. Ngati mukufuna kuivala, pisanimo riboni muimange pakhosi, mano akhale momwemo.