Makina a espresso a bizinesi: zoyenera kuona musanatulutse ndalama

Achemwali, mwafunsa ngati mugule makina a espresso a mitu iwiri (mutu ndi pomwe khofi amatulukira popita m'kapu) ogwirapo kale ntchito omwe mwawapeza ku Johannesburg kapena atsopano a mutu umodzi, poti mukufuna kutsegula malo omwera khofi ku Area 47, komanso ngati makina otere angakhale bwino panyumba. Ndaona ambiri akungokutchulirani mayina a makampani. Dzina libwere pambuyo. Kuno ku Lilongwe makina abwino kwambiri amatha kugona pakona chaka chisanathe chifukwa cha magetsi, madzi kapena kusowa wowakonza, ndiye muyambire pamenepo.

Werengerani makapu a ola limene anthu amachuluka, osati a tsiku lonse. Ngati pa ola limenelo simudzapitirira makapu 20, mutu umodzi ukukwanirani. Mukapitirira apo, kapena ngati mudzakhala ndi antchito awiri pa kauntala, tengani mitu iwiri. Dziwaninso kuti makasitomala ambiri adzaitanitsa cappuccino ndi latte, ndiye chomwe chimachedwetsa mzere si khofi ayi koma nthunzi yotenthetsera mkaka. Nthunziyo imadalira kukula kwa boiler, thanki yotenthetsera madzi ya m'kati mwa makina. Makina a mutu umodzi a bizinesi amakhala ndi boiler ya malita 4 mpaka 6, a mitu iwiri malita 10 mpaka 12. Pakati pake pali omwe amawatcha compact: mitu iwiri, boiler ya malita 5 mpaka 8, magetsi ocheperako. Kwa malo oyamba kumene, ine ndingaloze amenewa. Mutu wachiwiriwo ndi chitetezonso, chifukwa valavu ya mutu umodzi ikafa mumapitiriza kugulitsa ndi winawo.

Tsopano magetsi. Uzani wogulitsayo akujambulireni kachitsulo kolembedwa kamene kamakhala pansi pa thireyi kapena m'mbali mwa makina. Mukufuna kuona 220 mpaka 240V ndi 50Hz. Olembedwa 110V kapena 60Hz, omwe amachokera ku America, asiyeni ngakhale atchipe bwanji. Mukaona 380 kapena 400V ndiye kuti analumikizidwa pa three-phase. Ambiri a ku Italy katswiri amatha kuwasinthira pa single-phase, koma mufunse zimenezi musanalipire, osati makina atafika kale pa Kanengo. Pulagi yathu ya mapini atatu ili ndi fyuzi ya 13A, yomwe imanyamula mawati pafupifupi 3,000 basi. Makina a mitu iwiri amakoka mawati 3,500 mpaka 4,500, kutanthauza 15A mpaka 20A. Mukawalowetsa pa soketi wamba, soketiyo imatentha pang'onopang'ono mpaka kusungunuka. Afunika waya wawokha wa 4mm kuchokera pa bokosi la mabuleka, buleka yawoyawo ya 25A kapena 32A, swichi yozimitsira pafupi, ndi earth yeniyeni yoyezedwa, poti madzi ndi magetsi zili m'bokosi limodzi lachitsulo lomwe munthu akuligwira tsiku lonse.

Chomwe chimapha makina si kuzima kwa magetsi koma kubwera kwake, makamaka nyengo ya mvula ndi ziphaliwali. Mkati muli kabokosi koyendetsa mabatani ndi kuyeza madzi, kawirikawiri ka Gicar, ndipo kakapsa simukapeza ku Malangalanga. Ikani AVS ya 30A, yomwe imadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri n'kudikira kaye isanabwezeretse. Fridge guard wamba ndi yaing'ono pa ntchito imeneyi. Pa jenereta musanyengeke ndi nambala: ya 5kVA imapereka mawati pafupifupi 4,000, ndiye mukaphatikiza makina, chopera khofi, firiji ya mkaka ndi magetsi owunikira, yalemedwa kale. Yambirani pa 7.5kVA, yokhala ndi AVR, kachipangizo kokhazikitsa mphamvu ya magetsi. Inveta ya sola yapanyumba boiler imaimaliza mabatire msanga. Ngati malo anu magetsi amavuta kwambiri, aliponso makina otenthetsa boiler ndi gasi wophikira, monga ena a Fracino a ku England, pomwe pampu yokha ndiyo imafuna magetsi ochepa a batire ndi inveta.

Madzi ndi pomwe anthu ambiri amadumphapo, ndiye ndikhalitsapo. Yang'anani pansi pa ketulo ya pamalopo. Ngati pali zoyera zolimba zomatirira, dziwani kuti zomwezo zidzamera pa element yotenthetsa madzi, m'timapaipi ndi m'kabowo kakang'ono kosakwana milimita imodzi komwe madzi amadutsa popita ku mutu. Zizindikiro zake: madzi kutuluka pang'ono, boiler kuchedwa kutentha, kenako element kupsa. Madzi a pa mjigo nthawi zambiri ndi omwe amakhala ndi vutoli kwambiri, koma ngakhale a Lilongwe Water Board muwayeze ndi timapepala kapena timadontho toyezera kuchuluka kwa timchere ta m'madzi tomwe timabweretsa zoyerazo. Pa muyezo umenewu makina amakondwa pakati pa 50 ndi 100 ppm. Mukadutsa 150, softener, chitini chochotsa timchereto m'madzi, ndi yokakamiza. Kulumikiza kwake kuyende motere: mpopi wotsekera, sefa ya matope ya 5 micron, sefa ya kaboni yochotsa fungo la chlorine, softener, valavu yochepetsa mphamvu ya madzi yokhala ndi geji yoikidwa pa 2 mpaka 3 bar (muyezo wa mphamvu yokankha), kenako makina. Sefa ya matope muziiona pafupipafupi mvula ikayamba ndiponso madzi akangobwera atasowa, chifukwa amabwera ofiira. Softener wamba ya malita 8 imatsitsimutsidwa ndi mchere wamiyala kilogalamu imodzi. Mukasiya kuthiramo mchere imasanduka chitini chodutsamo madzi chabe, ndipo palibe chomwe chidzakuchenjezeni.

Madzi akasowa pampopi, pampu ya rotary ikazungulira youma imawonongeka m'kanthawi kochepa. Musadalire thanki ya pansanja yokha: mamita 10 a kutalika amapereka bar imodzi, ndiye thanki ya mamita 5 ikukupatsani theka la bar. Ikani kapampu kowonjezera mphamvu, kapena Flojet yokoka madzi m'chigubu cha malita 20. Wina akakuuzani kuti muzigwiritsa madzi osefedwa kotheratu ndi reverse osmosis, samalani. Kachitsulo koyeza madzi mu boiler kamadalira timchere ta m'madzi kuti kadziwe kuti yadzaza. Popanda timchereto makina amangothira mpaka kusefukira, komanso khofi amamveka wopanda thupi. Paipi yotayira madzi ikhale yotsetsereka, yopanda pokhota pogona madzi, ndipo madzulo alionse muzithiramo jagi ya madzi otentha kuti zotsalira za khofi zisatseke.

Za mtundu wa boiler sindichulutsa. Makina ambiri otsika mtengo ndi a heat exchanger: boiler imodzi ya nthunzi pa 1 mpaka 1.3 bar, madzi a khofi n'kumadutsa m'kapaipi mkati mwake. Ndi osavuta kukonza, koma akakhala osagwira ntchito mphindi zingapo madzi a m'kapaipiko amatentha mopitirira, ndiye wantchito azitaya madzi masekondi angapo mpaka phokoso la kuwira litasiya asanamange chogwirira chokhala ndi khofi pa mutu. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, madzi amawira asanafike madigiri 97, choncho kutaya madziko n'kofunika kwambiri kuno. A boiler ziwiri okhala ndi PID (kachipangizo kowongolera kutentha), monga La Marzocco Linea, amasunga kutentha kokhazikika pa madigiri 92 mpaka 94 omwe mwaika, koma mtengo wake ndi wa zipangizo zake ndi wina. Kwa malo ogulitsa kwambiri khofi wamkaka, heat exchanger ya Wega, Astoria, Rancilio, Nuova Simonelli kapena Expobar ikugwirirani ntchito bwinobwino. Tengani ya mabatani oyeza madzi okha, kuti kapu ikhale yofanana ngakhale antchito asinthane. Ndipo zolemba za "15 bar" kapena "20 bar" pa katoni ndi zokopa ogula; espresso imafulidwa pa 9 bar.

Chopera khofi musachiike kumapeto kwa bajeti. Makina odula okhala ndi chopera chofooka amatulutsa khofi woipa kuposa makina wamba okhala ndi chopera chabwino. Funani cha bizinesi cha mano a 64mm kupita m'mwamba, monga Mazzer Super Jolly kapena zofanana nazo za Eureka, Anfim ndi Mahlkönig, makamaka chopera pomwepo mukafuna m'malo mosunga ufa m'chibekete. Muyezo woyambira ndi uwu: magalamu 18 a khofi mu basiketi (kasefa kachitsulo koikamo ufa wa khofi) ya 58mm, atuluke magalamu 36 m'kapu, m'masekondi 25 mpaka 30. Akathamanga n'kumveka wowawasa, perani mosalala kwambiri; akamadontha n'kumveka wowawa, perani mokhakhala pang'ono. Muzikonza zimenezi m'mawa uliwonse, chifukwa chinyezi cha January ndi kuuma kwa October zimasintha mayendedwe a madzi pa khofi yemweyo. Sikelo yoyeza mpaka 0.1g ndi yotchipa koma ndi imene imateteza phindu lanu: kilogalamu imodzi iyenera kukupatsani makapu pafupifupi 50 mutachotsera wotayika. Khofi wopera kale wa m'mapaketi sagwira pa makinawa. Khofi wa arabica tili naye wabwino, wa Mzuzu Coffee wochokera kumapiri monga a Misuku, ndi wa ku Thyolo monga wa Satemwa. Pemphani wosapera wokhala ndi tsiku lokazingira, mumupumitse sabata imodzi, ndipo mumalize pasanathe mwezi ndi theka.

Makina a ku Johannesburg aja akhoza kukhala mwayi, akhozanso kukhala mtolo. Musalipire pongoona zithunzi zonyezimira. Pezani munthu akawaone akuyaka, kapena akutumizireni kanema wosadula woonetsa izi: geji ya boiler ikukwera n'kuima pa 1 mpaka 1.3 bar, geji ya pampu ikufika 9 bar khofi ali m'kati, nthunzi ikutuluka mwamphamvu masekondi 30 geji osagwa kwambiri, batani lililonse likuima lokha, ndi madzi otentha otungidwa m'galasi loyera kuti muone ngati muli tizidutswa toyera. Atsegulenso pamwamba ndi m'mbali. Zobiriwira kapena zoyera pa malumikizidwe a mapaipi ndi chizindikiro cha kudontha kwa nthawi yaitali. Funsani chaka chomwe anapangidwa, ndiponso ngati ankagwira ntchito ndi sefa. Ponyamula, boiler ikhuthulidwe, makina aime chilili pa phaleti, asagonekedwe. Amalemera makilogalamu 50 mpaka 70, ndiye kauntala yanunso ikhale yolimba. Pa mtengo muphatikize thiransipoti, msonkho wa MRA ndi VAT, wolumikiza magetsi, wa mapaipi, masefa, ndi kukonza koyamba. Mukawerengera zonse, nthawi zina atsopano okhala ndi waranti sakhala patali.

Musanasankhe dzina, pezani kaye wokonza. Funsani eni malo omwera khofi a ku Old Town, City Centre ndi Area 10 kuti awo amawakonzera ndani ndipo amadziwa makina ati, kenako mugule omwe munthuyo amawadziwa. Makina osadziwika dzina ochokera pa intaneti vuto lake limakhala pomwepa: gasiketi yake siigwirizana ndi ina iliyonse. Okhala ndi mutu wa E61, womwe Faema inatulutsa mu 1961, zipangizo zake zimapezeka mosavuta chifukwa makampani ambiri amaugwiritsa ntchito. Poti ndalama zakunja zimavuta, itanitsani limodzi ndi makinawo magasiketi a mutu anayi, tisefa ta mutu tiwiri, valavu ya solenoid imodzi ndi koyilo yake, anti-vacuum valve, marabala a mpopi wa nthunzi, element imodzi ndi gasiketi yake, ndi mano osinthira a chopera. Gasiketi ya mutu imasinthidwa miyezi 6 mpaka 12 iliyonse. Mukaona madzi akudontha m'mbali mwa chogwirira, kapena chogwirira chikupitirira pakati pomanga, nthawi yakwana.

Kutsuka ndi kwa tsiku ndi tsiku. Potseka, ikani basiketi yopanda mabowo, thirani theka la supuni yaing'ono ya ufa wotsukira monga Cafiza kapena Puly Caff, yatsani masekondi 10 n'kuzimitsa, kasanu, kenako bwerezani ndi madzi okha. Mpopi wa nthunzi upukutidwe n'kupemereredwa mukangotha jagi iliyonse, ndipo mkaka usapitirire madigiri 65, kupitirira apo umanunkha kupserera ndipo thovu limaphwanyika. Chinanso chomwe mabuku a makinawa satchula ndi mphemvu ndi nyerere: zimakonda kufunda kwa m'kati ndipo zimawotcha kabokosi ka magetsi kaja. Pansi pa makina pazikhala poyera, shuga akhale kutali.

Panyumba musaike makina a bizinesi. Amatenga theka la ola kapena kuposa kuti atenthe, amadya mayunitsi kutenthetsa malita 10 chifukwa cha makapu awiri, ndipo madzi okhalitsa mu boiler amasintha kakomedwe. Rancilio Silvia kapena Gaggia Classic, a thanki yothira pamanja ndi mawati osapitirira 1,500, amalowa pa soketi wamba ndipo akukwanirani. Ngati pakhomo pali okonda cappuccino ambiri, onani ang'onoang'ono a Lelit, Profitec kapena Rocket omwe amafulula khofi ndi kutulutsa nthunzi nthawi imodzi. Koma amenewa musawatengere ku bizinesi: pampu yake yaing'ono siinapangidwire makapu otsatizana tsiku lonse, ndipo opanga ambiri amakana waranti akadziwa kuti ankagulitsira. Kwa ofesi kapena loji yopanda wodziwa kufulula, makina opera ndi kufulula okha monga Jura kapena WMF ndi osavuta kwa alendo, bola mutatsimikiza kuti alipo wowatsegula akatsekeka, chifukwa amenewo m'kati mwake simulowa sipanala wamba.