Mwafunsa, Tayankha: Ntchito ya Kuseri kwa Siteji

Mafunso a mwezi uno achokera kwa owerenga amene akuthandiza, kapena akufuna kuthandiza, gulu la zisudzo la m'dera lawo mongodzipereka. Oyankha ndi anzathu odziwa za siteji, magetsi ndi zokuzira mawu.

Ndimakonda zisudzo koma ndine wamanyazi, ndipo za magetsi kapena ukalipentala sindizidziwa. Ndingathandize chiyani?

Yambirani pa katundu amene osewera amagwira m'manja: kalata, kapu, ndodo, makiyi. Werengani sewero lonse muli ndi pensulo, ndipo pa chinthu chilichonse lembani zinayi: tsamba limene chikufunika, amene akulowa nacho, mbali imene akulowera, ndi kumene chikuthera. Chachinayichi n'chimene ambiri amaiwala. Kalata ikatulukira kumanzere m'gawo loyamba koma ikufunika kumanja m'gawo lachitatu, pafunika munthu woiwolotsa kuseri, ndipo munthuyo ndinu. Dziwaninso kuti pa siteji kumanja ndi kumanzere timawerengera kwa wosewera atayang'ana oonerera.

Ikani tebulo mbali iliyonse, yalanipo pepala lalikulu, jambulani mzere kuzungulira chinthu chilichonse n'kulemba dzina lake. Mukatero, malo opanda kanthu amakuuzani okha chimene chasowa. Yenderani matebulowo kutatsala ola limodzi kuti sewero liyambe, ndiponso likangotha. Mpeni ukhale wobuntha, tambula ikhale yapulasitiki, ndipo kalata imene imang'ambidwa m'sewero mukonze zokwanira masiku onse, kuphatikizapo oyeserera, ndi ziwiri zapadera.

Valani zakuda ndi nsapato zosaphokosera, foni muzimitse, tochi muiphimbe ndi kapulasitiki kabuluu. Ngati pamene mwaima mukuwaona oonerera, ndiye kuti iwonso akukuonani.

Andisankha kukhala woyang'anira siteji. Poyeserera magetsi amazima mochedwa, nyimbo imalowa wosewera asanamalize kuyankhula. Tikulakwitsa pati?

Vuto n'loti aliyense akudziyendera. Wa magetsi akuyang'ana siteji n'kumaganiza yekha nthawi yozimitsa, wa nyimbo chimodzimodzi. Sewero likayamba, wolamula akhale mmodzi, ndipo ndinu, osati wotsogolera sewero. Iye ntchito yake imathera poyeserera komaliza.

Konzani buku lanu motere: mawu a sewero tsamba la mbali imodzi, tsamba loyang'anana nalo lopanda kanthu. Kusintha kulikonse kwa magetsi kupatseni nambala, kwa nyimbo ndi maphokoso kupatseni chilembo, kuti "magetsi 12" asasokonezeke ndi "nyimbo C". Kuchokera pa nambalayo kokani mzere kukafika pa liwu lenileni limene kusinthako kukuchitikira. Liwu, osati chiganizo chonse, chifukwa chiganizo chimatha kutenga masekondi asanu, ndipo masekondi asanu a mdima wosayembekezeka oonerera amawaona. Lembani ndi pensulo, poti zinthuzi zimasintha mpaka tsiku lomaliza.

Lamulo limaperekedwa kawiri. Kutatsala pafupifupi theka la miniti nenani kuti "magetsi 12, konzekani", ndipo wa magetsi ayankhe kuti wamva. Nthawi ikakwana nenani "magetsi 12, tsopano". Liwu loti "tsopano" likhale kumapeto nthawi zonse, ndipo musalitchule pa nkhani ina iliyonse sewero lili mkati, chifukwa chala cha mnzanuyo chili kale pa batani.

Patulani tsiku loyeserera zimenezi zokha, kudumpha zokambirana zazitali n'kumangobwereza malo osinthira. Tsikuli limatenga nthawi yaitali kuposa sewero lenilenilo ndipo limatopetsa osewera, koma ife sitingalole gulu kuonetsa sewero lisanadutsemo. Pamene mipando ya pa siteji imaima matanipo tepi pansi, ndipo m'mphepete mwa masitepe muike tepi yowala mumdima. Osewera muziwachenjeza kutatsala mphindi 30, 15 ndi 5 kuti sewero liyambe.

Tikayatsa nyale zonse fyuzi imapsa. Komanso nkhope za osewera zimaoneka zakuda m'maso.

Awa ndi mavuto awiri. Loyamba ndi la masamu. Mawati (muyeso wa magetsi amene nyale imadya) amapezeka pochulukitsa mavoti ndi ma amp. Kumene magetsi ndi a mavoti 230, pulagi ya ma amp 13 imanyamula mawati 2,990 basi. Nyale zisanu za mawati 500 zikwana, yachisanu ndi chimodzi yapyola malire. Za mawati 1,000 ndi ziwiri zokha. Werengani zimene zalembedwa pa nyale iliyonse, phatikizani, ndipo kumbukirani kuti masoketi angapo a m'holo akhoza kukhala pa mzere umodzi wa magetsi. Musayese n'komwe kuika waya m'malo mwa fyuzi: fyuzi imapsa kuti nyumba isapse. Chingwe cha ekisitenshoni chitambasuleni chonse, chifukwa chikakhala chokulunga chimatentha mpaka kusungunuka. Ngati gulu lingakwanitse, nyale za LED zimadya magetsi ochepa kwambiri ndipo sizitentha ngati za halogen. Babu la halogen musaligwire ndi zala: mafuta a pakhungu amachititsa galasi kutentha kwambiri pamalo amodzi, babu n'kufa msanga. Zolumikiza mawaya m'khoma zisiyireni wodziwa za magetsi.

Lachiwiri likuchokera pa malo amene mwapachika nyale. Ikakhala pamwamba penipeni pa mutu, chipumi chimaponya mthunzi m'maso. Ikakhala kutsogolo molunjika nkhope, munthu amaoneka ngati chithunzi chapakhoma. Njira imene Stanley McCandless, mphunzitsi wa magetsi a siteji pa yunivesite ya Yale ku America, anailongosola mu 1932 ikugwirabe ntchito: nyale ziwiri kutsogolo kwa wosewera, ina kumanja ina kumanzere, iliyonse itapatuka madigiri 45 ndiponso itakwera madigiri 45, ina ya kuwala kofiirira pang'ono, ina kobiriwira ngati thambo. Nyale iliyonse yopachikidwa ikhale ndi tcheni kapena waya wachitsulo wachiwiri woigwira ngati chomangira chitamasuka, ndipo wokwera makwerero akhale ndi womugwirira pansi.

Maikolofoni yathu imalira mokwiyitsa.

Ikumva mawu ochokera m'sipika n'kuwabwezeranso komweko. Sunthani masipika akhale kutsogolo kwa maikolofoni, atayang'ana oonerera. Yandikizani maikolofoni kukamwa m'malo mokweza voliyumu, ndipo imene sikugwira ntchito panthawiyo itsekeni. Zopanda waya muziziika mabatire atsopano kapena odzaza pa chionetsero chilichonse.

Wosewera wathu ali ndi miniti imodzi yosinthira zovala. Zingatheke?

Zingatheke ngati asinthira pafupi ndi polowera, kuseri kwa nsalu yotchinga, osati kuchipinda chovalira. Yalani zovala pampando motsatira mmene azivalira, choyamba kuvala chikhale pamwamba. Mabatani enieni asokereni kunja kuti azingooneka, mkati muike zomata, ndipo zingwe za nsapato zilowedwe m'malo ndi lasitiki. Ngati chovala chachiwiri chili chopyapyala, achivaliretu mkati. Omuthandiza akhale awiri, wina kumtunda wina kumiyendo, ndi dengu loponyamo zovulidwa. Yesererani ndi wotchi mpaka muzimaliza m'masekondi 45, kuti otsalawo apume ndi kumwa madzi asanalowenso.