Nyimbo ndi chibwenzi mu filimu ya mateche, zikufunamo chani?

FUNSO: Achimwene, ine mafilimu a kung fu ndinayamba kuwakonda ndili mwana koma pali chinthu chimodzi chimanditopetsa. Ndewu ikangoyamba kukoma basi sitelingi wakumana ndi mtsikana, ayamba kuyang'anizana, nyimbo yalowa, pena mpaka kuvina, nde ine ndimangothamangitsa kuti ndifike pa mateche. Akazi anga akuti ndimaononga filimu. Kodi zimenezi amaikiramo chani?
Wokonda mateche

YANKHO: Achimwene, alamu angawo akunena zoona ndipo pa nkhani iyi ndili mbali yawo. Ndewu imene mumaithamangirayo nayonso ndi gule, kungoti ndi gule wa zibakera. Theche lililonse amachita kuliwerengera, uyu aponye apa uyu azinde apo, amabwereza kambirimbiri mpaka zigwirizane, ndipo phokoso la chibakera lija nthawi zambiri amaliika pambuyo mu situdiyo. Tayesani kuzimitsa mawu muonere ndewu ili zii, muona mmene imazizirira.

Komanso anthu amene mumawagomerawo ambiri anachokera kovina. Bruce Lee mu 1958 anawina mpikisano wa gule wa cha-cha ku Hong Kong, zimenezi anthu ambiri sadziwa. Jackie Chan ndi Sammo Hung anakulira pa sukulu ya zisudzo za opera ya a Yu Jim-yuen, komwe ana ankaphunzira kuimba, kudumpha ndi kumenyana zonse pamodzi, nchifukwa chake ndewu za Jackie zimakhala ngati zikutsatira ng'oma ngakhale palibe akuimba. Michelle Yeoh anayamba ndi gule wa ballet, anakaphunzira mpaka ku England asanavulale msana.

Tengani Crouching Tiger, Hidden Dragon ya mu 2000. Pali ndewu ija ya usiku akazi awiri akuthamangitsana pa madenga, chimene chimakugunditsa mtima pamenepo ndi ng'oma zimene zikumveka pansi pake, ndipo a Tan Dun amene anapeka nyimbozo anapata nazo mphoto ya Oscar. Ndewu zake anakonza ndi Yuen Woo-ping, yemwe uja anakonzanso za The Matrix. Koma ine chimene chimandikhudza kwambiri mu filimu imeneyi ndi Chow Yun-fat ndi Michelle Yeoh, anthu awiri akuluakulu okondana zaka ndi zaka koma osauzana, lupanga amatha koma pakamwa kulemera, mpaka mwamunayo akudzaulula ali pafupi kutsirizika. Mukathamangitsa malo amene awiriwa angokhala akucheza chapansipansi, imfa ijayo simuimva kuwawa nkomwe, mungoona munthu wagona basi.

Ina ndi The Last Dragon ya mu 1985, nkhani yake imachitikira ku New York ndipo kumbuyo kwake kunali Berry Gordy amene anayambitsa kampani ya nyimbo ya Motown. Mtsikana wa mu filimuyi, Vanity, amayendetsa pulogalamu ya nyimbo pa TV ndipo chigawenga chimamuba pofuna kumukakamiza kuti azionetsa mavidiyo a chibwenzi cha chigawengacho, apo ndi pamene mnyamata wa kung fu amalowererapo. Ndiye mukachotsa nyimbo ndi mtsikanayo akumenyanirana chani?

Sindikukanirani zonse ayi. Alipo mafilimu amene chikondi amangochiphatikamo, mtsikana alibe chochita china koma kubedwa ndi kukuwa, nyimbo nayo imangogwera poti palibe chifukwa, amenewo ngakhale ine amandikwiyitsa chifukwa amanyozetsa akazi amene akanatha kumenya okha. Mukaona kuti sitelingi sakusintha kalikonse chifukwa cha mtsikanayo, thamangitsani, simutaya kanthu.

Koma ulendo uno rimoti muwapatse alamu agwire ndi iwo, muonere limodzi ya Michelle Yeoh ija kuyambira poyamba mpaka pothera osadumpha, kenako mudzandilembere mundiuze ngati ndewu yomaliza munaimva chimodzimodzi ndi kale.