Mafunso ndi Mayankho: Makina, Galimoto ndi Ndalama pa Ntchito Yodula Mitengo

Mvula ikamayandikira, eni nyumba amayamba kuda nkhawa ndi nthambi zimene zaweramira pa malata, ndipo anthu odula ndi kusadza mitengo amapeza ntchito yambiri. Makalata anayi amene tasankha mwezi uno achokera kwa anthu ogwira ntchito imeneyi kuno kum'mawa kwa Zambia.

FUNSO: Ndakhala ndikusadza ndi kugwetsa mitengo pa nyumba za anthu ku Kalongwezi ndi ku Moth pogwiritsa ntchito nkhwangwa ndi chikwanje. Tsopano ndasunga ndalama zogulira chainsaw, makina a injini odulira mitengo. M'masitolo muli makina atsopano otchipa, koma palinso munthu amene akugulitsa chainsaw ya kampani ya Stihl yogwirapo kale ntchito. Kodi ndigule ati? Bambo wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Bambo, musanafunse kuti makinawo akugulitsidwa ndalama zingati, yambani mwafunsa kumene mudzapeze zipangizo zake akadzawonongeka. Tcheni, bala imene tcheniyo imayendapo, pulagi, sefa ya mpweya ndi chingwe cholizira injini zimatha msanga pa makina alionse, ndipo ngati zipangizozo sizipezeka mu Chipata kapena ku Lusaka, makina anu adzagona m'nyumba pa nyengo imene ntchito ili yochuluka. Ichi ndi chifukwa chake ambiri amakonda Stihl ndi Husqvarna ngakhale zili zodula: amakaniko amazidziwa ndipo zipangizo zake sizisowa. Makina otchipa angathandize munthu wodula nkhuni za pakhomo pake mwa apo ndi apo, koma kwa inu amene mudzawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ine ndingakulangizeni kuti mugule akalewo ngati ali bwino.

Kuti mudziwe ngati ali bwino, pitani ndi makaniko amene mumamukhulupirira, ndipo mupemphe kuti makinawo alizidwe injini ili yozizira, chifukwa injini yotopa imabisa matenda ake ikatentha. Kokani chingwe pang'onopang'ono mumve ngati chikulimba. Chikamabwera mopepuka, mphamvu ya injini yachepa. Makaniko achotse chotulutsira utsi kuti aone ngati pisitoni ili ndi mikwingwirima. Yesani buleki ya tcheni, kenako lozetsani nsonga ya bala pa pepala injini ikulira kuti muone ngati oyilo akuwazika. Funsaninso lisiti ndi nambala ya makinawo, pakuti makina obedwa ndi makina onamizira dzina amagulitsidwanso m'manja.

Za kukula kwake, musatengeke ndi makina aakulu. Stihl MS 381 ndi MS 382, za injini ya 72 cc, n'zabwino pogwetsa bulugamu wamkulu ndi pocheka matabwa, koma zimalemera makilogalamu opitirira 6 musanaikepo bala ndi mafuta, ndipo munthu wotopa manja ndiye amachita ngozi. Pa mitengo ya mango, malaina ndi jakaranda ya m'mayadi, makina a 45 cc mpaka 50 cc okhala ndi bala ya masentimita 40 kapena 45 amakwanira.

Chimene chimapha makina ambiri ndi mafuta. Injini imeneyi ilibe oyilo wake m'kati, choncho petulo amasakanizidwa ndi oyilo wa 2T, wopangidwira injini zotere. Stihl ndi Husqvarna amalangiza muyeso wa 50:1 mukagwiritsa ntchito oyilo wabwino, kutanthauza mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo, pamene makina ena otchipa amafuna 25:1. Werengani kabuku kake ndipo muziyeza ndi kabotolo, osati ndi maso. Musasunge mafuta osakaniza kupitirira mwezi. Ndipo oyilo wakuda wotsala m'galimoto, amene ambiri amathira ku tcheni pofuna kupulumutsa ndalama, ali ndi tizitsulo timene timadya bala ndi pampu ya oyilo.

Phunziraninso kunola tcheni nokha. Matcheni amasiyana saizi: tcheni ya Stihl ya 3/8 imafuna tupa yozungulira ya mamilimita 5.2, ya .325 imafuna ya 4.8, ndipo mano ambiri amanoledwa mopendeketsa madigiri 30. Tcheni yakuthwa imataya tizidutswa ta mtengo tooneka bwino, pamene yobuntha imatulutsa fumbi ndipo imakukakamizani kukanikiza. Mitengo ya pa nyumba ili ndi msampha wake: misomali ndi mawaya oyanikapo zovala amene anamira m'khungwa kalekale, komanso dothi limene chiswe chimakwera nalo m'thunthu. Palani khungwa ndi chikwanje pamalo pamene mukufuna kudula.

Chimene ndikuchigogomezera koposa n'chakuti musathere ndalama zonse pa makina. Siyani zina zogulira chipewa cholimba chokhala ndi chotchinga kumaso, zotseka m'makutu, nsapato za chitsulo kutsogolo ndi thalauza lapadera lokhala ndi ulusi umene umakola tcheni ikakhudza mwendo. Kumtunda kwa nsonga ya bala kukagunda chinthu, makina amadumpha kubwerera kumaso kwa munthu mofulumira kuposa mmene dzanja lingawagwirire. Musawagwire ndi dzanja limodzi, musadule nawo pamwamba pa mapewa, ndipo musakwere nawo pa makwerero. Ngati simunaphunzitsidwe kukwera ndi lamba ndi zingwe zopangidwira ntchitoyi, kumwambako gwiritsani ntchito sowo yamanja, nthambi zikuluzikulu muzizitsitsa ndi chingwe, ndipo pansi pazikhala mnzanu wokuyang'anirani ndi wothamangitsa ana. Pogwetsa, anthu atalikire mtunda wokwana kutalika kwa mtengowo kawiri.

FUNSO: Ine ndi amuna anga tili ndi anyamata atatu odula mitengo, ndipo timabwereka Canter ya anthu ena pochotsa zipika ndi nthambi. Amuna anga akufuna titenge ngongole tiitanitse yathu kuchokera ku Japan. Kodi nthawi yakwana? Mayi wa ku Katete.

YANKHO: Mayi, yankho lili m'kabuku kanu. Lembani ndalama zonse zimene mukulipira eni Canter kwa miyezi isanu ndi umodzi, muphatikizemo miyezi ya mvula ndi ya chilimwe, kenako muziyerekeze ndi zimene galimoto yanuyanu ingadye pa nthawi yomweyo. Akulu anati walira mvula walira matope. Galimoto imabwera ndi dizilo, matayala, malipiro a dalaivala, msonkho wa pamsewu ndi chiphaso cha fitness (chosonyeza kuti galimoto ili bwino) ku RTSA, bungwe loona za pamsewu, inshuwalansi ya third party (yolipira anthu ena pa ngozi) imene lamulo limafuna, ndiponso chiwongoladzanja cha ngongoleyo, ndipo zambiri mwa zimenezi zimalipiridwa ngakhale galimoto itaima mwezi wathunthu. Ndalama zogulira galimoto zimene mumaona pa intaneti si zomaliza ayi, chifukwa pali zoyendetsera kuchokera ku doko la Dar es Salaam kudzera ku Nakonde ndi misonkho ya ZRA pachipata. Kumbukiraninso kuti laisensi ya kalasi B imathera pa galimoto yolemera makilogalamu 3,500 pamodzi ndi katundu wake, ndipo ma Canter ambiri amafuna laisensi ya kalasi C1.

Ngati masamu akuonetsa kuti kugula kuli bwino, Canter ndi yoyenera kuposa pikiapu, popeza mtengo wauwisi ndi wolemera kwambiri: zipika za bulugamu wongodulidwa kumene zokwana kiyubiki mita imodzi zimalemera pafupifupi tani, choncho Hilux imakhala yasenza kale mokwanira m'mbuyo mukuoneka ngati mudakali malo. Kuipachika mopitirira kumathyola masipuling'i ndi kupha kilatchi, makamaka m'misewu yadothi. Canter ingakuthandizeninso pa nyengo yokolola ponyamula chimanga kupita ku misika ya FRA, kapena feteleza mvula isanayambe, ndipo ntchito zimenezo ndizo zingabweze ngongole pamene yodula mitengo yachepa.

Koma ngati pa sabata mumabwereka galimoto kamodzi kapena kawiri kokha, ine ndingayambe ndi njinga yamoto yonyamula anyamata ndi zida. Nkhuni zambiri zingathe kugulitsidwa pamalo pomwepo kwa owotcha njerwa ndi ophika, amene amabwera ndi ngolo zawo, ndipo inu simulipira chilichonse pozichotsa.

FUNSO: Ntchito ndimapeza ndithu, koma ndalama sizioneka. Makina atawonongeka ndinakatenga kaloba, ndipo mpaka pano ndikubweza. Kodi ndizilipiritsa bwanji? Mnyamata wa ku Petauke.

YANKHO: Achimwene, vuto lanu ndi la anthu ambiri pa ntchitoyi: amalipiritsa petulo ndi thukuta la tsikulo, n'kuiwala kuti makina nawonso akutha. Tiyerekeze chabe kuti munagula makina K12,000 ndipo mukuyembekeza kuti agwira masiku 300 a ntchito asanafune kusinthidwa. Ndiye kuti tsiku lililonse la ntchito makinawo amadya K40, musanawerengere tcheni, tupa, oyilo ndi makaniko. Ndalama imeneyo muziichotsa tsiku lomwelo ndi kuisunga pa nambala ina ya Airtel Money kapena MTN, kapena mu akaunti ya kubanki imene simutapamo za ndiwo. Mukatero, tsiku limene pisitoni idzapsa simudzapitanso kwa wa kaloba. Inu mwini muzidzilipira malipiro odziwika monga mmene mumalipirira wokuthandizani, ndipo zotsala zikhale za bizinesi.

Musatchule malipiro pa foni musanauone mtengowo. Mitengo iwiri yofanana msinkhu ingasiyane kwambiri ntchito yake, chifukwa wa pabwalo poyera umagwa pa ola limodzi, pamene woweramira pa nyumba, pa mpanda kapena pa thanki ya madzi umafuna kuudula chidutswa chidutswa tsiku lonse, ndipo chikaphwanyika chinthu, wolipira ndinu. Mukagwirizana, lembani pa pepala kapena pa WhatsApp kuti mitengo ndi ingati, ngati muzula chitsa kapena muchisiya, amene achotse nthambi ndani, ndiponso nkhuni ndi zipika zikhala za yani, pakuti mikangano yambiri imabuka pa nkhuni. Pa ntchito yaikulu pemphani theka la ndalama musanayambe. Ngati mwini akukusiyirani zipika zabwino zocheka matabwa, mukhoza kumutsitsirako, koma musavomere kulipidwa nkhuni zokhazokha musanapeze wozigula.

Masukulu, mipingo, malo ogona alendo a ku Mfuwe ndi maofesi a boma amalipira bwino kuposa anthu wamba, koma amafuna lisiti ndi mapepala. Lembetsani dzina la bizinesi ku PACRA, bungwe lolembetsa mabizinesi, ndipo mutenge TPIN, nambala ya wolipira msonkho, ku ZRA. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amalipira turnover tax, imene imawerengedwa pa ndalama zonse zolowa osati pa phindu lokha, choncho iikeni m'masamu anu potchula malipiro. Mukalemba antchito okhazikika, NAPSA, bungwe la penshoni, imafuna 5 peresenti ya malipiro kuchokera kwa wantchito ndi 5 peresenti ina kuchokera kwa inu, ndipo muyenera kulembetsa ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe limene limathandiza wovulala pa ntchito. Pa ntchito yoopsa ngati iyi, chimenechi musachione ngati kutaya ndalama. Funsaninso makampani a inshuwalansi za chitetezo cholipira katundu wa anthu ena amene mungawononge.

Za ngongole, malizani kaye kalobayo ngakhale zitatanthauza kuchedwetsa kugula chinthu china. Chilimba kapena banki ya m'mudzi zimakwanira kugulira tcheni, chipewa ndi zingwe. Pa zazikulu, funsani ku khonsolo za ngongole za CDF, thumba limene mu 2022 linakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, kapena ku CEEC, bungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi kwa nzika. Onsewa adzafuna kuona mapepala a bizinesi yanu, ndipo kabuku kolembamo zolowa ndi zotuluka kadzakuyankhulirani.

FUNSO: Munthu wina wandipempha kudula mtengo umene nthambi zake zakhudza mawaya a magetsi, ndiponso milombwa iwiri ya m'munda mwake. Kodi pakufunika chilolezo? Bambo wa ku Chadiza.

YANKHO: Bambo, mtengo wokhudza mawaya musauyandikire n'komwe. Nthambi yaiwisi imadutsa magetsi, ndipo pa mawaya amphamvu a 11 kV moto umatha kudumpha ngakhale musanawakhudze. Mwini malo adziwitse a ZESCO kuti abwere adzadule okha kapena azimitse magetsi, ndipo inu muyambe pokhapokha iwo ali pomwepo n'kukutsimikizirani kuti azimitsa.

Milombwayo ndi nkhani ya lamulo la nkhalango, Forests Act ya 2015. Kudula mitengo yachilengedwe kuti mugulitse matabwa kumafuna chilolezo cha Forestry Department ngakhale mtengowo uli m'munda mwa munthu, ndipo kunyamula zipika, matabwa kapena makala pamsewu kumafuna chilolezo chinanso chonyamulira. Wopezeka alibe akhoza kulandidwa katundu, makina ngakhale galimoto. Pa malo a mafumu yambani mwaonana ndi anyakwawa, ndipo mitengo ya m'mbali mwa misewu ya m'tauni ili m'manja mwa khonsolo. Mtengo wa mukula, umene mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zingathe kutha, musaudule ngakhale wina atakulonjezani ndalama zambiri. Pitani limodzi ndi mwini mundayo ku ofesi ya zankhalango pa boma la Chadiza, ndipo pepala la chilolezo likhale m'thumba mwanu tsiku lodula ndi tsiku lonyamula.