Kodi tingaletse mgodi m'phiri la Mulanje?

Funso: Tikumva kuti makampani akunja akufuna kukumba bauxite (miyala yopangira aluminiyamu) m'phiri la Mulanje. Ife a m'munsi mwa phirili tingatani? — Mayi wa ku Likhubula

Yankho: Mayi, chiphaso chofufuzira miyala sichiwalola kutsegula mgodi. Asanakumbe, lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kafukufuku wa momwe mgodiwo ungakhudzire chilengedwe ndi anthu (ESIA), wovomerezedwa ndi bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo inu okhudzidwa mufunsidwe maganizo. Pemphani lipotilo kudzera kwa DC, muone zomwe likunena pa madzi. Bauxite amakumba pochotsa dothi lapamwamba, choncho matope angatsikire mu mtsinje wa Likhubula, womwe umamwetsanso anthu a ku Blantyre. Madandaulo anu alembedwe, musunge kope. Pamsonkhano wokufunsani maganizo musasaine pepala lopanda mutu, chifukwa mndandanda wa obwera umatha kusandutsidwa umboni woti mudavomera. Akumbutseni a boma ndi a makampaniwo kuti phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927.